Chithunzi cha pa lata lakale, chosokedwa ndi waya

Guluu musiyeni pambali. Kuno ku Nchalo dzuwa la mu Okutobala likawotcha lata, chilichonse chomata chimamatuka. Ine ndimasoka ndi waya, ndipo ntchito yonse yagona pamenepo.

Pezani lata lakale lotalika ngati mkono. Opindikapindika amene anatsala nyumba zitagwa ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 akadalipo m'midzi ina, koma pemphani kaye eni ake, ena akufuna kufolera khola. Liwongoleni ndi hamala pa chipika, pindani m'mphepete kuti lisakuchekeni, kenaka palani dzimbiri ndi sandipepa. Osapala lonse. Kufiirira kwa dzimbiri kumene kuja simungakugule m'chitini.

Penti wamafuta pakani m'mawa, pamthunzi. Lata likatentha penti amauma pamwamba pokha, kenaka n'kukwinyika. Mitundu iwiri yakwana.

Mawu ndi amene amachititsa chithunzi kuoneka ngati cha mumsewu. Onani zolembedwa kumbuyo kwa minibasi zokwera phiri ku Thabwa, kapena pa njinga za kabaza ku Ngabu: zilembo zonenepa, mawu awiri kapena atatu basi. Lembani anu, m'Chisena kapena m'Chichewa, pa katoni, n'kuboola zilembozo ndi lezala. Ndi njira yomweyi imene wojambula wotchuka Banksy amajambulira pa makoma ku England. Iye amapopera sipulei, koma sipulei ndi wodula. Tsamiritsani katoniyo pa lata, viikani mswachi wakale mu penti, kandani ndi chala kuti awazikire. Madontho akasefukira pang'ono m'mbali, asiyeni.

Tsopano zotsekera mabotolo. El Anatsui wa ku Ghana anatchuka polumikiza zotsekera za mabotolo a mowa ndi waya wakopa mpaka kukhala chinsalu chodzaza khoma. Ife tiyambe ndi nsomba imodzi. Jambulani makakana ndi choko, phwanyani zotsekerazo zikhale zafulati, boolani chilichonse pawiri ndi msomali, lata nalonso muliboole. Yambirani kumchira kulowera kumutu, china chizikwera pa chinzake monga amakhalira mamba. Wayayo mumupotokolere kuseri ndi pulayala. Apa pamafuna kudekha, ndipo zala zimatuluka matuza. Mlamba musauyese, ulibe mamba.

Madzi a m'chithunzimo ndimawapanga ndi chidutswa cha thumba la shuga chosomola ulusi, bwato ndi mabango ong'amba, wopalasa ndi zidutswa za chitenje zotola kwa telala. Ambiri amalakwitsa podzaza paliponse. Siyani malo poti lata lioneke.

Katoni kapena phala la chinangwa zisalowe m'chithunzimo, chiswe ndi mphemvu sizichedwa. Pomaliza pakani vanishi kawiri pa nsalu ndi mabango, boolani ngodya ziwiri zam'mwamba, pachikani pakhonde pomwe mvula sifika.