Momwe mungasokere kachikwama ka chikopa kosungiramo makadi

Kachikwama kosungiramo chiphaso cha unzika ndi khadi ya ku banki ndi ntchito yabwino kuyambirapo, chifukwa kamadya chikopa chochepa koma kamaphunzitsa kudula, kumata, kubowola ndi kusoka.

Chikopa chotsika mtengo muchipeza pa kaunjika mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande: zikwama za amayi zoduka zingwe ndi majekete akale. Tembenuzani muone kuseri. Chikopa chenicheni chimakhala ndi timaubweya, pomwe chabodza chimakhala ndi nsalu yomatidwa. Mukayatsa kachidutswa, chenicheni chimanunkha ngati tsitsi lopserera, chabodza chimasungunuka ngati pulasitiki. Sankhani chokhuthala mamilimita 1 mpaka 1.5. Cha jekete nthawi zambiri chimakhala chofewa kwambiri ndipo chimatamuka podula, choncho oyamba kumene atenge cha chikwama.

Zina zofunika ndi mpeni wakuthwa kwambiri, rula yachitsulo, guluu wa nsapato, singano ziwiri, ulusi wa polyester wopaka phula, sandipepa ndi chobowolera chosongoka. Osoka nsapato a mumsika ndi amene angakulozereni kogula ulusi ndi guluu wabwino.

Khadi ya ku banki ndi ya mamilimita 85.6 m'litali ndi 54 m'lifupi. Jambulani kaye pa katoni zidutswa ziwiri, chakumbuyo masentimita 10 kwa 7, chakutsogolo 10 kwa 5.5, kenako muikepo pa chikopa n'kudula. Kutalika kwa masentimita 10 musakuchepetse, chifukwa msoko umadya malo mbali zonse ziwiri ndipo makadi atatu sangalowe. Podula, musakanikize mpeni kuti udule kamodzi. Dutsitsani kawiri kapena katatu mopepuka, rula mutaigwira zolimba.

Pomata, palani ndi sandipepa kamzere ka mamilimita 4 m'mphepete mwa chidutswa chakumbuyo, mbali zitatu zomwe musoke. Mbali yosalala ya chikopa siigwira guluu ngati sinapalidwe. Pakani guluu wochepa mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 5 mpaka 10 kuti asiye kumata chala, ndiye mugwirizanitse n'kumenya pang'ono ndi hamala. Mukafulumira, zidutswa zimatsetsereka pobowola.

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Msoko wokhota sulakwika posoka, umalakwika pobowola. Lembani mzere mamilimita 3.5 kuchokera m'mphepete, ndipo ikani timadontho totalikirana mamilimita 4. Amene alibe chida cha mano chobowolera angadinde ndi foloko yodyera. Podindanso, dzino loyamba lilowe pa dontho lomaliza kuti mipata isasiyane. Bowolani bowo lililonse chikopa chili pa thabwa lofewa, chobowolera chitaima chilili. Chikapendekeka pang'ono, kutsogolo mzere umaoneka wowongoka koma kumbuyo umayenda ngati njoka. Pa ngodya pakhale bowo limodzi ndendende.

Ulusi ukhale wotalika kanayi kuposa msoko. Msoko uwu ndi wa masentimita pafupifupi 21, choncho dulani mita imodzi kuti mutsale ndi wogwira. Ikani singano nsonga zonse ziwiri za ulusi, ndipo singanozo muzibunthitse pa sandipepa, popeza mabowo alipo kale ndipo singano yakuthwa imangobaya ulusi unzake. Panani kachikwamako pakati pa timatabwa tiwiri pa mawondo kuti manja onse akhale omasuka.

Lowetsani ulusi pa bowo loyamba mpaka mbali ziwiri zifanane. Pa bowo lotsatira, lowetsani singano ya kumanzere, kenako ya kumanja pa bowo lomwelo, n'kukoka zonse pamodzi. Muziyamba ndi dzanja lomwelo nthawi zonse, ndipo singano yachiwiri izidutsa mbali imodzimodzi ya ulusi woyamba. Mukasinthasintha, msoko umaoneka wa manomano. Musakoke mwamphamvu kwambiri, chikopa chopyapyala chimakwinyika. Ubwino wa kasokedwe aka ndi woti ulusi umodzi ukaduka, winawo umagwirabe, zomwe msoko wa makina suchita. Pomaliza bwererani m'mbuyo mabowo awiri, dulani kusiya mamilimita 2, muwambe nsongazo ndi machesi n'kuzikanikiza.

M'mphepete palani ndi sandipepa ya nambala 220, kenako yosalalirapo ya nambala 400. Chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo chimawala mukachinyowetsa pang'ono n'kuchikhula ndi kansalu ka jinzi, kenako phula la njuchi. Koma cha pa kaunjika chochuluka chinafufutidwa ndi mankhwala a chrome (mukadula, mkati mumaoneka motuwa mobiriwira), ndipo ichi sichiwala ngakhale mukhule tsiku lonse. Chimenecho pakani utoto wa m'mphepete wa osoka nsapato, kawiri, koyamba kataumiratu.

Zotsala za chikopa musazisunge m'jumbo nyengo ya mvula kapena ya chiperoni, zimachita chuku. Zikulungeni m'pepala, mbali yosalala kunja, muziike pa shelefu podutsa mphepo.