Musaphule nyimbo isanapse: malangizo kwa oyimba achinyamata a ku Mzuzu

Mukakwera takisi yochokera ku Luwinga kulowa m'tauni, dalaivala n'kuika nyimbo ya masiku ano, sipalephera bambo wachikulire wopukusa mutu amvekere: nyimbo zinapita ndi malemu a Wambali Mkandawire. Mnyamata wa pampando wakumbuyo amangoti madala ndi nsanje basi. Ine ndimayendera timagulu ta oyimba ku Chibavi, Chiputula ndi Mchengautuwa, ndipo ndimaona kuti bamboyo ali ndi mfundo, ngakhale amaloza polakwika. Ana aluso alipo ambiri. Chimene chachepa ndi nthawi imene nyimbo imakhala pamoto isanaphulidwe.

Poyamba, mtima pansi. Nyimbo za m'ma 1970 ndi 1980 zimene tikumva lero ndi chimanga chopeta kale, gaga anauluka kalekale. Zosakoma zinalipo zambirimbiri, kungoti palibe anasunga makaseti ake. Pop ndi rock ya azungu n'chimodzimodzi: anthu amatchula The Beatles ndi Queen, magulu ena mazanamazana a nthawi yomweyo adaiwalika. Ndiye munthu akayerekeza nyimbo imene mwatulutsa sabata yatha ndi zija zinapulumuka zaka 40, musataye mtima. Funsani kuti zinapulumuka bwanji.

The Beatles omwewo, pakati pa 1960 ndi 1962, ankayimba m'mabala a ku Hamburg ku Germany maola ambiri usiku uliwonse. Atalowa mu situdiyo ku London pa 11 February 1963, anajambula nyimbo khumi za chimbale chawo choyamba tsiku limodzi, chifukwa zala ndi makosi zinali zitazolowera kale. Kwathu kuno, Lucius Banda anakulira mu Alleluya Band ku Balaka pambali pa mkulu wake Paul asanatulutse chimbale chakechake. Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, anayamba ndi kuyimba nyimbo za chizungu mu gulu la Sounds Pentagon, ndipo chimbale chimene chinam'tchukitsa kunja, Zani Muwone, chinatuluka mu 2002 ali ndi zaka pafupifupi 50. Lero mnyamata amagula biti (zoyimbira zopangidwa pakompyuta) m'mawa, masana wajambula, madzulo nyimbo ili kale pa WhatsApp. Mbewu yotere ndi yobzala osalima.

Nyimbo iliyonse yatsopano muyambe mwaivula. Zimitsani kompyuta, tengani gitala imodzi kapena kiyibodi, muiyimbe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati ikukoma yokha choncho, ili ndi msana. Ngati ikumveka ngati nkhuku yonyowa biti itachoka, musawononge ndalama za situdiyo, bwererani mukaikonze. Kumbukirani mmene nyimbo za a Giddes Chalamanda, mkulu wobadwa mu 1930, zinagwirira dziko lonse mu 2020 ataziyimba ndi Patience Namadingo. Panalibe zokometsera zambiri, nyimbozo zinkaima pazokha.

Kenako pezani anzanu, woyimba besi, wa ng'oma, wa gitala, muzikumana katatu pa sabata, maola awiri. Zida zikasowa, pemphani kutchalitchi kwanu masiku amene kwaya sikumana, ndipo muzibweza zili bwino kuti mawa adzakubwerekeninso. Magetsi akazima musabalalike, gitala ya bokosi ndi manja sizifuna magetsi. Lamulo lake ndi limodzi: nyimbo ikayamba isaime mpaka ithe, ngakhale wina aphonye. Ikani foni pakona ijambule, mukamaliza mumvetsere nonse muli chete. Apa m'pamene mudzamve kuti wa ng'oma amathamanga ikafika kolasi, kapena kuti woyimba amameza mawu omaliza. Zimapweteka, inde, koma ndi bwino kuzimva muli anayi kusiyana n'kuzimva pamaso pa khamu ku Mzuzu Stadium.

Nyimbo ikhale nanu masabata osachepera anayi musanaijambule. M'masabata amenewo muiyimbe pagulu kawiri kapena katatu, paukwati, pachinkhoswe, kapena pamsonkhano wa achinyamata. Musayang'ane anzanu amene akukuimbirani mluzu, amenewo amakukondani kale. Yang'anani amayi amene akugawa chakudya. Ngati pofika kolasi yachiwiri milomo yawo yayamba kutsatira, nyimbo yapsa.

Pa mawu ndiye ndikhalitse pang'ono, chifukwa m'pamene ambiri mukugwera. Lembani mawu papepala, muwawerenge mokweza popanda kuyimba, makamaka pamaso pa agogo kapena azakhali anu osanyengerera. Mukachita manyazi kuwerenga mzere wina, mzerewo uchoke. Oyimba akale monga Allan Namoko ankasimba nkhani yokhala ndi mutu ndi mchira: munthu wakuti, anachita zakuti, zinam'thera motere. Evison Matafale anamwalira mu 2001, koma mawu ake anthu akuwayimbabe pamtima chifukwa ankanena zimene zinkawasowetsa tulo. Nkhani zotere muli nazo pakhomo: lendi ya nyumba ku Zolozolo, mlamu amene anapita ku Joni osatumizanso uthenga, mayi wogulitsa nthochi mu msika. Ndipo ngati maloto anu mumalota m'Chitumbuka kapena m'Chitonga, yimbani m'chinenero chimenecho. Chingerezi chotola m'mavidiyo chimamveka kuti n'chobwereka.

Kamvekedwe nakonso musakasake kutali. Malipenga a ku Nkhata Bay ali pafupi, ingoma ya ku Mzimba ili pafupi, vimbuza amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawazindikira mu 2005 ali pafupi. Pitani mukakhale pansi ndi oyimba ng'oma enieni, mupereke kangachepe, muphunzire ndi manja anu. Pa vimbuza muyende mwaulemu, ndi gule wa machiritso, funsani eni ake zimene zingatengedwe ndi zosayenera kutengedwa. Gulu la Body Mind and Soul la kuno kwathu linasonyeza kale kuti ng'oma za kumudzi zimagwirizana ndi gitala yamagetsi popanda kukangana.

Sindidana ndi kompyuta ayi. Auto-Tune, pulogalamu ya pakompyuta yowongola mawu a woyimba imene inabwera mu 1997, ili ngati mchere: pang'ono ndiwo zimakoma, mukathira dzanja lonse palibe angadye. Uzani prodyusa wanu akujambuleni vesi yonse kamodzi, osati mzere umodziumodzi n'kumata. Mukalephera, ndiye kuti simunakonzeke, pitani kwanu mukabwere sabata yamawa.

Khosi nalonso ndi chida. Kuzizira kwa June ndi July kuno mukukudziwa. Musanayambe kuyimba tenthetsani mawu kwa mphindi 10 kapena 15 mong'ung'udza chapansipansi, imwani madzi ofunda, ndipo fodya ndi kachasu muzisiye. Mawu akasasa kupitirira masabata awiri, pitani kuchipatala.

Mukamaliza kujambula, musachoke mu situdiyo ndi kafayilo ka pafoni kokha. Pemphani fayilo yaikulu ya WAV, musunge malo awiri osiyana, poti makompyuta a m'masitudiyo amafa osatsanzika. Lembani papepala amene analemba mawu, amene anapeka nyimbo ndi amene anapanga biti, nonse musainire mudakali ogwirizana, kenako kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, nyimbo isanapite ku wayilesi.