Momwe mzinda ungagulire mabogi a sitima a kaunjika osadzanong'oneza bondo

Mzinda ukamakula, sitima zonyamula anthu opita kuntchito zimachepa msanga, pomwe mabogi atsopano ndi odula ndipo amatenga zaka kuti afike. N'chifukwa chake mizinda ina imagula a kaunjika. Mzinda wa Jakarta ku Indonesia udapindula nawo, Buenos Aires ya ku Argentina idapsa nawo zala, ndipo kusiyana kwake kudali pa zimene adachita asanapereke ndalama.

Choyamba, yezani njanji yanu musanayang'ane mtengo. Jakarta idalandira mabogi 72 kuchokera ku Tokyo mu 2000, kenaka pakati pa 2013 ndi 2020 idagula oposa 800 a mtundu wa 205 ku kampani ya sitima ya ku Japan ya JR East. Adayenda popanda vuto lalikulu chifukwa njanji za kumene adachokera ndi za ku Jakarta zonse n'zotalikirana mamilimita 1,067 ndipo magetsi ake ndi amodzimodzi, mavoluti (volts) 1,500 odzera pa waya wa m'mwamba. Muyezo umenewu ndi wofanana ndi wa njanji ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo ndiwo udathandiza Maputo mu 2017 kutenga mabogi oyendera dizilo omwe ankagwira ntchito ku Auckland, ku New Zealand.

Chachiwiri, yezaninso siteshoni: kutalika kwa pokwerera, kukula kwa bogi, ndi malo amene magetsi amalowera. Apa anthu amapupuluma kwambiri. Buenos Aires itagula mabogi akale a njanji ya Marunouchi ku Tokyo cha m'ma 1995, adali ochepa m'mimba, moti adachita kuwawonjezera zitsulo m'mbali kuti phazi la munthu lisagwere pampata. Pambuyo pake idagula a mtundu wa CAF 6000 ku Madrid, ku Spain, omwe amatenga magetsi m'mwamba, chonsecho Line B, njira ya sitima ya pansi pa nthaka yomwe ankayenera kuyendamo, inkatenga magetsi pa njanji yachitatu ya pansi. Zidatengera kuyala njira ina ya magetsi mumsewu wonse wa pansi pa nthakawo. Ndalama zimenezo zimayenera kuwerengedwa ngati mbali ya mtengo wa bogi.

Chachitatu, ndipo apa ndikupempha kuti musachite ulesi, tumizani akatswiri anuanu akatsegule bogi lililonse lisanakwezedwe pa sitima ya pamadzi. Aone dzimbiri pansi, ming'alu pa mawilo, mabuleki, mawaya, ndi mabuku osonyeza momwe lakhala likukonzedwera. Atengenso tizidutswa tokayeza ku labotale. Mabogi a CAF 5000 amene Buenos Aires idagula ku Madrid mu 2011 adachotsedwa panjanji mu 2018 atadziwika kuti adali ndi asibesitosi, chinthu chomwe fumbi lake limawononga mapapo ndi kuyambitsa khansa. Amene adapuma fumbilo kwambiri ndi amakaniko a kugalaja, anthu omwe sadafunsidwe n'komwe pogula. Wogulitsa asaine kuti mulibe asibesitosi, koma inu yezanibe.

Mukakhutira, kambiranani za masipeyala pa mgwirizano womwewo, osati mawa. Gulani mabogi amtundu umodzi ambiri, kuphatikizapo ena ochepa oti muzichotsako zitsulo, ndipo mupemphe mabuku ake m'chilankhulo chimene amakaniko anu amawerenga. JR East idatumiza anthu ake kukaphunzitsa amisiri a ku Jakarta, ndipo zimenezi zidatalikitsa moyo wa sitimazo.

Akafika padoko, asinthireni ku moyo wa kwanu. Ku Jakarta adaika sefa wachitsulo pa galasi la woyendetsa poteteza ku miyala, adasintha zikwangwani, ndipo adapatula mabogi a amayi okhaokha. Kenaka ayendetseni opanda anthu pa njira yonse, muyese mabuleki atanyamula katundu wolemera ngati khamu la m'mawa.

Lembaniko tsiku limene mabogiwa adzapume, n'kuyamba kusunga za atsopano. Boma la Indonesia lidakana mu 2023 kuitanitsanso a kaunjika, ndipo kampani ya sitimazo idayenera kuoda atsopano ku INKA ya m'dzikomo ndi CRRC ya ku China, anthu akupanikizana m'masiteshoni podikira kuti afike.