Momwe mungapezere njira yaifupi yoyendamo ndi galu ku Chigwa cha Shire

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, posankha koyenda ndi galu muyambe mwaganizira kutentha ndi madzi, kukongola kwa malo kubwere pambuyo. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa popuma mwawefuwefu, lilime lili panja, ndipo mpweya ukatentha kwambiri kupumako sikuthandizanso.

Nthawi ndi mtunda

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ulendo wotere ungousiya. Nyamukani kukangocha ndipo mukhale mutabwerera isanakwane 8 koloko. Makilomita 3 mpaka 5 ndi okwanira. Galu wokalamba, wonenepa kapena waubweya wambiri, theka lake.

Musanapondetse galu pamchenga kapena patala, ikani kumbuyo kwa dzanja lanu pansi masekondi 5. Mukalephera kupirira, mapazi ake apsa.

Kumene simuyenera kupita

M'mphepete mwa Shire ndi ku Elephant Marsh kumakopa chifukwa cha kamphepo, koma kuli ng'ona, ndipo galu waludzu amathamangira kumadzi osayang'ana. Mvuu nazo zimabwerera m'madzi m'mawa womwe inu mukuyendawo.

Ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi si koyenda ndi galu, ndipo musatsate ngakhale mpanda wake. Munthu amene ali ndi galu pafupi ndi malo osungirako nyama amaoneka ngati mlenje wozembera, ndiye mudzavutika kudzifotokoza. M'tchire la m'malire mumakhalanso misampha ya waya. Ngalande zothirira za simenti nazo n'zoopsa: galu akagweramo amalephera kukwera chifukwa m'mbali mwake ndi moterera. Mitsinje yamchenga ngati Mwanza imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumapiri, ngakhale kuchigwa kuli dzuwa, choncho kuyambira Disembala mpaka Malichi musayende m'kati mwake.

Kumene mungayang'ane

Yang'anani m'tsinde mwa mapiri, kumene kuli mitengo yamthunzi ndipo nthaka si yamchenga wokhawokha: m'munsi mwa chitunda chimene msewu wa M1 umatsikira kuchokera ku Blantyre, kutsidya la kum'mawa pansi pa mapiri a Thyolo, kapena kumapiri a Nsanje molowera ku Chididi, komwe kumazizirirako. Pewani tsiku lamsika ndi njira zimene ng'ombe zimadzera popita kumadzi.

Njirayo muyambe mwaiyenda nokha, galu mutamusiya kunyumba. Abusa a ng'ombe ndiwo amadziwa tinjira tonse, apatseni moni, kenaka funsani kuti, "Achimwene, njira iyi ikatulukira kuti? Kodi ikudutsa kumanda?" Funso lachiwirili n'lofunika. Nkhalango yowirira pafupi ndi mudzi nthawi zambiri imakhala manda kapena malo amiyambo, ndipo nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, salowamo wamba. Ngati njira ikudutsa m'minda, kapempheni kwa anyakwawa. Musadalire kukumbukira kwanu kwakale: madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anagumula njira zambiri.

Zonyamula

Chingwe cholimba cha mamita 2, ndipo galu asachoke pachingwepo. Kuchigwa kuno mbuzi zili ponseponse. Galu wanu akaluma imodzi, mlandu ndi wanu. Madzi akumwa tengani lita imodzi ya galu wa makilogalamu 15, anu akhale apadera, ndipo mutengenso kambale. Mupatseni pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse, asamwe m'zithaphwi. Onetsetsani kuti anabayidwa katemera wa chiwewe m'chaka chimenechi. Alangizi a ziweto a m'dera lanu adzakuuzani kokabayitsa. Agalu akumudzi akakuthamangirani, musathawe: fupikitsani chingwe n'kudutsa mwakachetechete. Mukalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Galu akatenthedwa

Akayamba kutsalira m'mbuyo, kutuluka dovu lonanda, usinini kufiira kwambiri kapena kudzandira, imani pomwepo pamthunzi. Muthireni madzi ozizira pakhosi, pamimba ndi m'mphechepeche, mukumukupiza. Musamufunditse nsalu yonyowa, chifukwa imatsekera kutentha m'thupi. Akapanda kusintha m'mphindi zochepa, munyamuleni mupite naye kwa dokotala wa ziweto.

M'njira musamulole kulowa m'udzu wautali kapena kununkhiza pansi pa zipika, chifukwa mphiri siithawa, imangogona phee. Chitedze chikauma chimayabwa galu ndi mwini wake yemwe. Mukafika kunyumba, yang'anani minga pakati pa zala zake, ndi nkhupakupa m'makutu, pakhosi ndi m'khwapa. Nkhupakupa muigwire pafupi ndi khungu n'kuikoka mowongoka osaipotoza, kuti mutu wake usatsalire m'kati.