Ngaka ili ndi lamulo, nanga ndere za m'makhwawa aziteteza ndani?

Alimi anzanga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, chilimwe chikafika moto wa tchire umabuka paliponse, ndipo umapweteka zamoyo ziwiri zimene sitiziika pamodzi kawirikawiri: ngaka ndi ndere zomera pamiyala ya m'makhwawa.

Ngaka ili ndi mamba, koma ndi nyama yoyamwitsa. Ya kwathu kuno akatswiri amaitcha Smutsia temminckii. Imaswa mwana mmodzi yekha n'kumayenda naye pamsana. Mano ilibe, imanyambita nyerere ndi chiswe ndi lilime lalitali lomata. Bungwe la padziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe la IUCN lidaiika m'gulu la nyama zomwe zili pachiopsezo chotha, ndipo mu 2016 mayiko a pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, adaletsa malonda a ngaka pakati pa mayiko. Kuno ku Malawi, lamulo la nyama zakutchire lomwe adalikonzanso mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende. Mukaipeza m'munda, itadzipinda n'kubisa mutu, musaitole ngakhale wina akulonjezeni ndalama. Itsekereni agalu, idziwongola yokha n'kupita. Ngati yavulala, dziwitsani amfumu ndi alonda a ku Lengwe, Majete kapena Mwabvi.

Ndere zilibe mlonda wotero. Izi ndi zomera zopanda maluwa, njere kapena mizu yeniyeni. Zimachulukana ndi tinthu tonga fumbi touluka ndi mphepo. Mitundu yake padziko lonse ndi pafupifupi 12,000, koma yambiri IUCN siinaiunikebe. Zikhoza kutha pakhwawa panu popanda wolemba. Ine izi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chigwa chathuchi n'chotentha, ndipo ndere zimakonda kukhala pomwe pali mthunzi ndi chinyontho, monga m'mapiri a Matandwe. Kwezani kachidutswa ndi chala: pansi pake dothi ndi lakuda, lonyowa, logwirana. Mvula ikagwa zimamwa madzi n'kumawataya pang'onopang'ono, dothi osakokoloka msanga.

Choncho mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi pa akasupe isadulidwe, kaya ndi ya makala kaya ya milimo. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi udzu usanaumiretu. Anyamata osaka mbewa alangizidwe kuti asayatse tchire, chifukwa ngaka ikadzipinda pothawa moto imapsa pomwepo. Ng'ombe zipatseni malo amodzi omwera, zisamaponde gombe lonse.