Mnzanu akakodwa ndi mapilisi akuchipatala, mungamuthandize bwanji?

Vuto la mankhwala ngati tramadol, codeine, pethidine kapena diazepam ndiloti munthu amayamba kumwa atachita kulemberedwa ndi dokotala, mwina anachitidwa opaleshoni kaya msana unkamuvuta kaya tulo sitinkabwera, ndiye ngakhale mwini wakeyo sadziwa tsiku lomwe zinthu zinasokonekera. Inuyo ndi amene mumayamba kuona. Mapilisi amwezi wonse akutha pasabata imodzi, lero ali kwa dokotala uyu mawa kwa wina, ngongole zosatha.

Musamuyambe pagulu kapena atangomwa kumene. Mupezeni muli awiri ndipo nenani zomwe mwaona ndi maso anu osati zakumva, monga "achimwene, ndaona kuti mapilisi aja akumatha msanga ndipo zikundidetsa nkhawa". Akana, mwinanso akukalipirani. Ndi manyazi amenewo, musamunyanyale, mudzayambenso nkhaniyo tsiku lina.

Koma chomwe ndikukupemphani kwambiri, musamutayire mapilisi mchimbudzi nkumuuza kuti angolimba mtima. Munthu amene wazolowera diazepam akasiya kamodzinkamodzi atha kuyamba kugwa ngati wakhunyu mpaka kufa kumene, nchifukwa chake adokotala amachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi. Enawa atramadol ndi codeine ali mgulu la mankhwala opha ululu lotchedwa ma opioid, munthu akasiya thupi limaphwanya, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, tulo osabwera, kwa masiku 4 mpaka 10, ndipo ambiri amabwerera chifukwa cha ululu umenewu osati kuti alibe nzeru ayi. Pali mankhwala ngati methadone ndi buprenorphine omwe amaziziritsa chibaba. Muperekezeni kuchipatala, mukhale naye pamzere, ndipo akanene zoona za mlingo womwe akumwa.

Ndalama mmanja musamupatse. Lipirani nokha thiransipoti kapena chomwe akusowacho. Musamunamirenso kuntchito.

Ambiri timapumira mmwamba munthu akangosiya, pomwe nthawi yoopsa ndi imeneyo. Thupi limakhala laiwala kale mankhwala aja, moti akayambiranso nkumwa mlingo womwe ankamwa kale utha kumuimitsa kupuma, makamaka akaphatikiza ndi mowa. Mukamupeza sakudzuka, akupuma motalikiza kapena akuliza mkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, kamwanadiso kachepa ngati nsonga ya singano, itanani thandizo pompo ndipo mugonekeni chammbali. Funsiranitu kuchipatala za naloxone, imabweza mphamvu ya ma opioid koma imatha pakadutsa mphindi 30 mpaka 90, ndiye olo adzuke apitebe kuchipatala. Pa diazepam siigwira.

Akayambiranso kumwa musamuwerengere zomwe mwamuchitira, mungomufunsa kuti chinachitika nchani tsiku limenelo nkubwerera naye kwa dokotala. Nanunso mutopa, zimatopetsa zedi, choncho mugwirizane naye kuti pakhale wachibale kapena mnzanu wina amene angamuimbire usiku inuyo mukagona.