Njira Yokonzera Maloboti a Pamsewu mu Mzinda wa Zomba ndi Kupezera Ndalama Zake

Khonsolo ikafuna kuika maloboti atsopano kapena kukonza akale, isathamangire kugula zipangizo. Iyambe yawerenga magalimoto, njinga za kabaza ndi anthu oyenda pansi amene amadutsa pamphambano m'mawa ndi madzulo, makamaka pamsewu wa M3 wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde, kufupi ndi msika ndi depoti ya basi. Chiwerengero chimenechi ndicho chimasonyeza nthawi imene nyali yobiriwira iyenera kuyaka mbali iliyonse.

Nyali za LED n'zoyenera chifukwa zimadya magetsi ochepa, ndipo zikalumikizidwa ku sola ndi mabatire zimagwirabe ntchito magetsi akazima, ngakhale kuti mabatirewo ayenera kutsekeredwa m'bokosi lolimba, poti akuba amawalondalonda.

Nkhani ya ndalama ndiyo imavuta kwambiri. Popeza msewu wa M3 uli m'manja mwa bungwe la Roads Authority, khonsolo ikambirane nalo kaye, kenako ipemphe thandizo ku Roads Fund Administration, imene imalandira msonkho wa pa mafuta a galimoto ndi ndalama za pa zipata zolipiritsa. Pa misonkho ya malo ndi nyumba, khonsolo izipatula ndalama chaka chilichonse zolipirira amisiri ndi kugulira zida zosinthira, ndipo mgwirizano ndi kontrakitala umukakamize kuphunzitsa amisiri a khonsolo kukonza malobotiwo.